Hard drive ikayamba kukana kukopera mafayilo

Masabata awiri apitawo mlembi wa gulu lina la amayi oweta nkhuku ku Chawama anafika pano m'mamawa, ndisanatsegule n'komwe chipinda chophunziriramo. Anatulutsa m'chikwama kabokosi kakuda kokulungidwa m'kansalu, nakaika patebulo mosamala ngati dzira. Inali hard drive yolumikiza kunja kwa kompyuta, imene gulu lawo linagula zaka zinayi zapitazo. M'menemo munali kaundula wa anapiye ogulidwa ndi amene anafa, masiku a katemera wa chitopa ndi wa gumboro, mitengo ya chakudya cha nkhuku, zithunzi za malisiti, mavidiyo a maphunziro amene tinawapatsa, ndiponso ndalama zimene membala aliyense anasonkha ndi zimene anakongola. Mwezi wamawa amayiwa agawana phindu la chaka, ndipo aliyense ayenera kulandira monga mwa zimene anaikamo.

Iwo anafuna kusamutsira zonsezi mu laputopu yatsopano ya gulu. Kukopera kunkayamba bwino, koma kukafika pakati kunkaima, ndipo pa sikirini pankaoneka mawu akuti "Data error" ndi ena akuti "cyclic redundancy check". Anayesa kasanu ndi kawiri usiku umodzi. M'mawa mwake Windows inawafunsa ngati akufuna kufomata diskiyo, ndipo mdzukulu wawo anawauza kuti angovomera.

"Aphunzitsi, kodi ndidine Format?" anandifunsa.

"Ayi, amayi, musadine. Ndiponso musailumikizenso kufikira titakonza malo oikamo zimene zili m'katimo."

Ambiri a inu mwayamba kusunga malekodi a munda ndi a khola m'zipangizo zotere, choncho ndaona kuti n'koyenera kuti phunziro la mwezi uno likhale la nkhani imeneyi.

Zimene zili m'kati mwa kabokosiko

Hard drive si fulashi yaikulu, ngakhale kuti zonse ziwiri timazilowetsa pa bowo limodzimodzi la USB. Fulashi ilibe chinthu choyenda m'kati. Hard drive ili ndi timbale tozungulira, ndipo m'zambiri zazing'ono zonyamula m'manja timbaleto timazungulira maulendo 5,400 pa mphindi imodzi. Pamwamba pake pamayandama kamutu kowerenga ndi kulemba, kosakhudza mbale, kotalikirana nayo kampata kochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi la munthu. Mukaigwedeza ikugwira ntchito, kapena ikagwa patebulo, kamutuko kangathe kukanda mbale, ndipo malo okandikawo sawerengekanso.

N'chifukwa chake kuyesa kasanu ndi kawiri kunali koopsa. Mlimi akapeza anankafumbwe m'nkhokwe sayamba ndi kumata ming'alu ya nkhokweyo chimanga chili momwemo. Amayamba watulutsa chimanga chabwino n'kuchiika pena, za nkhokwe amaziona pambuyo. Hard drive yodwala ili ndi maola owerengeka amene ingagwirebe ntchito, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti atsala angati. Maola amenewo agwiritseni ntchito potulutsa mafayilo, osati poyesa mapulogalamu okonzera.

Musanailumikize, lembani papepala mafoda amene simungawapezenso kwina kulikonse, kuyambira ofunika koposa. Kwa amayi a ku Chawama choyamba chinali kaundula wa ndalama, kafayilo kakang'ono ka Excel. Mavidiyo a maphunziro, ngakhale anali odzaza pafupifupi diski yonse, tinawaika kumapeto chifukwa tili nawo pano. Koperani foda imodzi imodzi, ndipo nthawi zonse sankhani Copy, osati Cut. Cut imafufuta fayilo kumene ikuchokera, ndipo zikasokonekera m'njira mumatsala osadziwa chimene chafika ndi chimene chatsala.

Yambani ndi chingwe

Madzi akaleka kufika kumapeto kwa dimba sitithamangira kumasula pampu. Timayenda m'mbali mwa paipi kuyang'ana pamene yapindika kapena yabooka. Chitani chimodzimodzi ndi hard drive, pakuti mavuto ambiri amene ndakumana nawo m'kalasi anali a chingwe ndi a bowo la USB, osati a diski yeniyeniyo. Ngakhale uthenga wa "cyclic redundancy check" ungathe kubwera chifukwa cha chingwe. Tanthauzo lake ndi lakuti kompyuta yawerengetsera zimene yalandira n'kupeza kuti sizikugwirizana ndi nambala yotsimikizira imene inayenera kutuluka. Uthengawo sunena ngati zinaonongekera pambale kapena m'njira.

Ma hard drive ambiri onyamula m'manja ali ndi kapulagi kophwatalala kotchedwa Micro-B, kamene kamakhwepa msanga ngati chingwe chimakulungidwa mozungulira bokosi chili cholumikiza. Bwerekani chingwe china chachifupi chimene mukudziwa kuti chikugwira bwino. Chotsani chingwe chowonjezera utali, ndipo chotsaninso kachipangizo kogawa bowo limodzi kukhala mabowo anayi, ngati kalibe magetsi akeake. Pa kompyuta yaikulu ya patebulo lumikizani kumbuyo, pakuti mabowo a kumbuyo ndi omatidwa pa bolodi yaikulu, pamene a kutsogolo amadutsa m'timawaya topyapyala. Yang'ananinso m'bowomo ndi tochi. Fumbi la mwezi wa Okutobala m'misewu ya ku George kapena ku Kanyama sililowa m'mphuno mokha ayi.

Nkhani ya mphamvu ya magetsi ndi yofunika kuimvetsa bwino. Hard drive yaing'ono ilibe pulagi yakeyake. Imadya magetsi ochokera pa bowo lomwelo la USB. Bowo la USB 2.0 linapangidwa kuti lizipereka 500 mA pa mavoti 5, pamene la USB 3.0, limene kawirikawiri limakhala labuluu m'kati, limapereka 900 mA. Pa nthawi imene timbale tikuyamba kuzungulira, diski ingafune mphamvu yoposa imene bowo la USB 2.0 limalonjeza. Ikapanda kukhuta imalira kaphokoso kofooka, imaoneka pa sikirini n'kusowanso, kapena imaduka pakati pa ntchito n'kubweretsa uthenga wa "I/O device error". Choncho funani bowo labuluu. Ngati ndi laputopu, ilumikizeni ku magetsi pokopera, chifukwa ikakhala pa batire Windows imayesa kusunga mphamvu. M'malo otchedwa Power Options muli mzere wa "USB selective suspend". Muuzimitse pa nthawi ya ntchito yaitali.

Zonsezi zikalephera, yesani diskiyo pa kompyuta ina kamodzi kokha. Ikagwira bwino kumeneko, vuto lili pa kompyuta yanu. Ikakananso pa fayilo yomweyo, ndi chingwe china, vuto lili m'diski.

Musasokoneze kuchedwa ndi kuonongeka. Pa USB 2.0 mafayilo amayenda pafupifupi 30 MB pa sekondi, kotero mavidiyo a 30 GB angatenge mphindi zoposa 15, ndipo tizithunzi tambirimbiri timachedwa kuposa fayilo imodzi yaikulu. Chodetsa nkhawa ndi pamene liwiro lagwa kufika pa ziro n'kukhala pomwepo nthawi yaitali, pa malo amodzimodzi ulendo uliwonse.

Magetsi akazima ntchito ili m'kati

Tonse tikukumbukira chaka cha 2024. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chinali tsoka la dziko lonse, madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, ndipo pofika mwezi wa Sepitembala magetsi ankasowa maola 17 kapena kuposerapo patsiku. Mbewu zinapsa m'minda, koma ndi mafayilo omwe anaonongeka mwakachetechete m'nyumba zambiri ndi m'timashopu tosindikiza mapepala.

Chimene chimachitika n'chakuti diski iliyonse ili ndi kaundula wake, wonena kuti fayilo yakuti yayambira apa n'kuthera apo. Pokopera, kompyuta imalemba fayiloyo ndiponso imasintha kaundulayo. Magetsi akazima pakati pa ntchito ziwirizi, kapena wina akazula chingwe mofulumira kuti akwere basi, kaundula amatsala wosagwirizana ndi zimene zili pambale. Mafayilo alipo ndithu, koma njira yowapezera yasokonekera. Ma diski a mtundu wa NTFS amapirira bwinoko ngozi yotere chifukwa amasunga kabuku ka zosintha zimene zili m'kati. A FAT32 ndi a exFAT alibe kabuku kameneka.

Oopsa koposa ndi ma hard drive aakulu okhala ndi adaputa yawoyawo ya mavoti 12 yolumikiza kukhoma, pakuti laputopu imapitiriza pa batire koma diskiyo imazima nthawi yomweyo. Ngati mulibe UPS kapena inveta, ntchito yaikulu yokopera muziiyamba magetsi atangobwera n'kukhazikika, osati atatsala pang'ono kupita. Kuyambira pa Windows 10 ya mtundu wa 1809, Microsoft inasintha kuti ma diski akunja azikhala pa "Quick removal", ndipo ena amati tsopano palibe chifukwa chodina Eject. Ine ndimadinabe, ndipo ndimafuna ophunzira anga azidina. Pulogalamu ina ingakhale ikulemba inu osaona, ndipo kudikira masekondi asanu sikunaphepo munthu.

Mauthenga amene satanthauza kuonongeka

Nthawi zina diski ili bwinobwino koma ikukana pa chifukwa china. Mukaona uthenga wakuti fayilo ndi yaikulu kwambiri, chonsecho malo alipo ambiri, dinani kudzanja lamanja pa diskiyo, sankhani Properties, muone ngati yalembedwa FAT32. Mtundu umenewu sulandira fayilo imodzi yofika 4 GB, ndipo vidiyo ya tsiku lachionetsero cha m'munda imapitirira pamenepo mosavuta. Mankhwala ake ndi kusamutsira zonse pena, kufomata diskiyo kukhala exFAT kapena NTFS, n'kubwezeretsa. Kompyuta za Apple zimawerenga NTFS koma sizilembamo pazokha, choncho diski yoyenda pakati pa Mac ndi Windows imayenera exFAT. Palinso malire a zilembo 260 pa dzina la fayilo pamodzi ndi mayina a mafoda onse amene yakhalamo. Alembi okonda kuika foda m'kati mwa foda kasanu ndi kamodzi, iliyonse ndi dzina lalitali ngati chiganizo, amakumana nalo vutoli; fupikitsani mayinawo.

Lina lofala kwambiri kuno ku Lusaka ndi vayirasi imene imatengedwa m'makompyuta ogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri. Mumapita kukasindikiza fomu, mukabwerako mafoda onse asanduka tizizindikiro tokhala ndi kamuvi pakona, kapena asowa. Mtima umagunda, koma mafayilo amakhala angobisidwa. Musadine tizizindikiroto, chifukwa ndi momwe vayirasiyo imalowera m'kompyuta yanu. Yambani mwaisesa diskiyo ndi pulogalamu yoteteza ku mavayirasi, ndipo kenako tsegulani Command Prompt mulembe mzere uwu, kusintha E ndi chilembo cha diski yanu:

attrib -h -r -s /s /d E:\*.*

Mafoda adzaonekanso. Kuyambira pamenepo, pokasindikiza muzinyamula fulashi yokhala ndi fomu yokhayo, hard drive ya gulu izitsala kunyumba.

Pamene mbale yeniyeniyo yayamba kufumbwa

Diski ya amayi a ku Chawama tinaisinthira chingwe ndi bowo, koma inakanabe pa foda yomweyo. Apa ndi pamene tinafunsa diskiyo za thanzi lake. Hard drive iliyonse imasunga mbiri ya zovuta zake m'dongosolo lotchedwa SMART, ndipo pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaiwerenga m'masekondi ochepa popanda kuitopetsa. Imalemba Good, Caution kapena Bad. Yang'anani makamaka mizere iwiri. "Reallocated Sectors Count" ndi chiwerengero cha timagawo ta mbale timene tinafa kale n'kulowedwa m'malo ndi tina tosungidwa padera. "Current Pending Sector Count" ndi timene diski yalephera kuwerenga ndipo ikudikira kuona chochita. Mzere wachiwiriwu ukakhala ndi nambala yoposa ziro, ndipo makamaka ikamakwera, diskiyo musaikhulupirirenso ndi chinthu chamtengo. Yawo inalemba Caution mwachikasu.

Kukopera kwa masiku onse, kokoka foda ndi mbewa ya kompyuta, kumakakamira pa fayilo yoonongeka nthawi yaitali. Windows ili ndi chida china chotchedwa robocopy chimene mungachiuze kuti chidumphe pokanika n'kupitiriza. Mu Command Prompt tinalemba motere:

robocopy E:\Ndalama C:\Zopulumutsa\Ndalama /E /R:1 /W:1

Chilembo /E chikutanthauza kuti itenge mafoda onse a m'kati. /R:1 ndi kuyesanso kamodzi kokha, ndipo /W:1 ndi kudikira sekondi imodzi. Musaiwale ziwiri zomalizazi, pakuti mukapanda kuzilemba robocopy imayesanso fayilo yokanika maulendo 1,000,000, ikudikira masekondi 30 ulendo uliwonse. Pomaliza imaonetsa chiwerengero cha mafayilo amene akopedwa ndi amene alephera. Diskiyo muiike pamalo athyathyathya, pamthunzi, osaigwira, ndipo ikatentha kwambiri muipumitse.

Ndiyenera kunenapo za chkdsk, chifukwa ndi chimene achinyamata odziwako kompyuta amathamangira. Lamulo la chkdsk E: /f limakonza kaundula wosokonekera, ndipo pa diski yathanzi imene inazulidwa molakwika limathandiza kwambiri. Koma silisamala za mafayilo anu. Limasamala kuti kaundula akhale wolongosoka. Zidutswa zimene silikuzimvetsa limazidula n'kuziponya m'foda yotchedwa FOUND.000, zili ndi mayina opanda tanthauzo. Lamulo la chkdsk /r ndi lolemetsa koposa, pakuti limawerenga diski yonse kagawo ndi kagawo kwa maola ambiri. Kuchita zimenezi pa diski yodwala kuli ngati kumangirira ng'ombe yotsimphina pagoli kuti muone ngati ikudwaladi. Chkdsk ibwere mafayilo atatuluka kale.

Funso la "You need to format the disk" limabwera pamene Windows yalephera kuwerenga kaundula n'komwe. Yankho ndi Cancel. Pali mapulogalamu aulere awiri a Christophe Grenier, TestDisk ndi PhotoRec. Yoyamba imayesa kupezanso kaundula wotayika. Yachiwiri imafufuza mafayilo pambale mwachindunji, ngakhale kuti imawabweza opanda mayina awo akale. Lamulo losaphwanyika pamenepa n'lakuti zopulumutsidwa zisalembedwe pa diski yomwe mukupulumutsayo, chifukwa mudzakwirira zimene mukufunazo. Amisiri odziwa amayamba ajambula diski yonse kupita pa ina ndi pulogalamu ya GNU ddrescue, n'kumafufuza pa chojambulidwacho. Mukapita kwa mmisiri, mufunseni ngati adzachita zimenezi. Akayankha kuti angofomata n'kukuikirani Windows, tengani katundu wanu mubwerere.

Diski ikamalira kuti ke, ke, ke mobwerezabwereza ngakhale mwasintha chingwe ndi bowo, izimitseni nthawi yomweyo. Kamutu kaja kavulala, ndipo kulumikiza kulikonse kukuwonjezera mikwingwirima pambale. Musaitsegule, pakuti kafumbi kamodzi n'kokwanira kuiononga. Musaiike m'firiji monga ena amalangizira. Ikatuluka imachita thukuta m'kati. Ntchito yotere imafuna chipinda chopanda fumbi ndi zipangizo zapadera, ndipo mtengo wake kawirikawiri umaposa wa diski yatsopano kutalitali.

Mawu amodzi kwa amene akufuna kugula. Diski ya 1 TB imaoneka ngati 931 GB mu Windows, ndipo apo palibe chinyengo, ndi kusiyana kwa kawerengedwe chabe. Koma zilipo zipangizo zotchipa modabwitsa zimene zimanama kukula kwake. Zimalandira mafayilo popanda kudandaula, koma zikadzaza malo enieni zimayamba kulemba pamwamba pa akale kapena kungowataya, ndipo mumazindikira patapita miyezi. Pulogalamu ya H2testw imadzaza chipangizo chonse n'kuwerenganso kuti ione ngati zonse zabwerera. Yesani chipangizo chatsopano chisanalandire lekodi iliyonse, lisiti ili m'manja.

Mmene zinathera

Kaundula wa ndalama anatuluka wathunthu m'mphindi yoyamba, ndipo mayi aja anakhala pansi n'kupumira m'mwamba. Malekodi a katemera ndi a chakudya anatulukanso. Foda ya zithunzi za malisiti a chaka chachiwiri ndiyo inali pamalo ofumbwa, ndipo zithunzi zingapo sizinawerengeke. Mwamwayi msungichuma wawo, mayi wachikulire amene anakana kusiya buku lake lachikuto cholimba pamene gulu linagula kompyuta, anali atalembamo manambala a malisiti onse. Anzake ankamuseka kale. Sabata ino ndi iye amene akutsimikizira ziwerengero.

Tagwirizana kuti malekodi awo azikhala malo atatu: mu laputopu, mu diski yatsopano imene izikhala kunyumba kwa wapampando osati kwa mlembi, ndiponso mafayilo aang'ono a ndalama azitumizidwa ku imelo ya gulu kumapeto kwa mwezi uliwonse. Akaunti ya Google imapereka malo aulere a 15 GB, ndipo kaundula wa Excel sadya bando yambiri. Kusiyanitsa nyumba n'kofunika makamaka kwa inu a ku Kanyama ndi madera ena kumene madzi amalowa m'nyumba nyengo ya mvula. Laputopu ndi diski zikakhala m'chikwama chimodzi pansi pa bedi, zimamira pamodzi. Diski yakaleyo taimata pepala lolembedwa kuti "yodwala", ndipo tiziigwiritsa ntchito pophunzitsa basi.

M'kalasi ya malekodi ya Lachiwiri likudzali, aliyense amene ali ndi hard drive abwere nayo pamodzi ndi chingwe chake. Tidzawerenga SMART ya diski iliyonse, tidzaona ngati ili pa FAT32, exFAT kapena NTFS, ndipo aliyense adzalemba yekha mzere wa robocopy pa foda yoyeserera. Bwerani mutalemba kale papepala mafoda atatu amene mungayambe kutulutsa.